Nambala yachinsinsi

Chinsinsi ndi nkhani imene munthu amasunga mumtima, osauza ngakhale mnansi. N'chifukwa chake PIN timaitcha nambala yachinsinsi. Mayi wogula chambo ku Chia akamalipira msodzi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, manambala 4 a PIN ndiwo amatsegula chikwama chake.

Khadi la kubanki lili ndi chinsinsi chinanso: manambala 3 a kuseri kwake, amene amafunika pogula katundu pa intaneti. Awa ndiwo amandidetsa nkhawa, chifukwa wakuba akawakopera pamodzi ndi zolembedwa kutsogolo, amagula ngakhale khadilo lili m'thumba mwanu.

Akuba ena amaimba foni n'kumati ndi a kubanki. Banki sifunsa PIN, abale. Dulani foniyo, ndipo mukamatapa ndalama kwa ejenti, phimbani foni ndi dzanja.