Kiyi ili kutali, koma wosaina ndinu

Kusaina papepala n'kosavuta kumvetsa. Dzanja ndi lanu, cholembera mwachigwira nokha, ndipo wokayikira amayerekeza ndi siginecha imene munasiya ku banki. Pa kompyuta nkhani ndi ina. Chithunzi cha siginecha yanu aliyense angachikope n'kuchiika pa kontrakiti imene simunaionepo. Nanga chimene chingaimire dzanja lanu pamenepo n'chiyani?

Yankho linayamba kupezeka mu 1976, pamene Whitfield Diffie ndi Martin Hellman a ku yunivesite ya Stanford ku America anafalitsa ganizo la makiyi awiri oyendera limodzi. Chaka chotsatira Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman a ku MIT anapeza masamu ake, njira imene lero imatchedwa RSA. Makiyiwa si achitsulo, ndi manambala atali kwambiri. Imodzi ndi yachinsinsi, ndiyo yosainira. Inayo ndi yapoyera, aliyense angaigwiritse ntchito kuona ngati siginecha ili yeniyeni. Wina akawonjezera ziro imodzi chabe pa ndalama zolembedwa m'chikalata, siginecha imakana. Kuyambira pamenepo funso lakhala limodzi: nambala yachinsinsiyo isungidwe kuti?

Poyamba yankho linali lakuti m'thumba la mwiniwake. Kiyi inkaikidwa mu kachipu ka pakhadi, konga kamene kali pa khadi la banki, ndipo sinkatulukamo. Lamulo la European Union la 1999 linafuna kuti chosainira chikhale m'manja mwa wosaina yekha. Mu 2000 Bill Clinton anasaina lamulo la America lovomereza siginecha za pakompyuta pogwiritsa ntchito khadi lotere. Mu 2002 dziko la Estonia linayamba kupereka chitupa cha nzika chokhala ndi kachipu, ndipo anthu anayamba kusainira zikalata ali kunyumba.

Koma khadi limafuna kamakina koliwerenga, ndi pulogalamu yogwirizana ndi kompyuta yanu. M'maiko ambiri anthu wamba sanavutike nazo. Mafoni atachuluka, vuto linakula, pakuti foni ilibe polowetsa khadi lotere.

Dziko la Austria linayesa njira ina mu 2009, yotchedwa Handy-Signatur. Kiyi ya nzika inkasungidwa ndi kampani ya A-Trust, m'makina otchedwa HSM, opangidwa moti kiyi siituluka ngakhale wina atawatsegula mokakamiza. Munthu akafuna kusaina ankalemba nambala yake ya foni ndi pasiwedi, n'kulandira manambala pa SMS. Akawalemba, makina akutaliwo ankasaina m'dzina lake. Pa malamulo a Austria siginecha imeneyi inali ndi mphamvu yofanana ndi ya dzanja. Njirayi inagwira ntchito mpaka December 2023, pamene ID Austria inalowa m'malo mwake.

Apa panabuka mtsutso. Ngati kiyi ili m'nyumba ya kampani, kodi tinganene kuti ili m'manja mwa mwiniwake yekha? Lamulo latsopano la European Union lotchedwa eIDAS, limene linakhazikitsidwa mu 2014 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 July 2016, linavomera kuti kampani yovomerezeka isunge kiyi, malinga mwiniwake yekha ndiye angailamule kusaina. Tanthauzo la umwini linasintha. Chofunika sichinalinso malo amene kiyi ili, koma amene ali ndi mphamvu yoiuza kuti igwire ntchito.

Mu 2017 zinaoneka kuti m'thumba namo si motetezeka kwenikweni. Akatswiri a ku Masaryk University ku Czech Republic anapeza kuti machipu ena a kampani ya Infineon ankapanga makiyi ofooka, moti munthu wokhala ndi makompyuta amphamvu akanatha kupeza kiyi yachinsinsi kuchokera ku yapoyera. Mu November chaka chimenecho Estonia inaimitsa kusainira pa makhadi opitirira 700,000 kufikira eni ake atawakonzetsa. Kiyi zomwazikana m'matumba a anthu n'zovuta kukonza tsiku limodzi. Komanso kuunjika kiyi zonse pamalo amodzi kuli ndi ngozi yake, chifukwa mbala zimadziwa kumene kuli nkhokwe.

Kampani ya ku Estonia ya SK ID Solutions inabweretsa njira yapakati, Smart-ID, imene imagwiritsidwanso ntchito ku Latvia ndi Lithuania. Kiyi imagawidwa pawiri. Gawo lina lili mufoni, lina pa seva ya kampani, ndipo palibe gawo limene lingasaine palokha. Wakuba foni alibe PIN, kampani nayo ilibe gawo la mufoni.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu. Mu 2021 Zambia inakhazikitsa Electronic Communications and Transactions Act yatsopano m'malo mwa ya 2009, ndipo mwa zina imayendetsa dongosolo la dziko la makiyi amenewa. Ambiri a ife tili ndi foni, tilibe kamakina kowerengera khadi, choncho kusaina kwa kiyi yosungidwa kutali ndiko kungatifike msanga: pa kontrakiti ya ntchito, pa loni, pa lendi ya nyumba.

Mbiriyi ikusonyeza kumene ngozi yasamukira. Mbala ya manje siifunika kuswa HSM. Ifunika chabe kuti muiuze manambala amene abwera pafoni yanu, kapena itenge SIM yatsopano m'dzina lanu, monga achitira akuba ndalama za pafoni. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zikabedwa mumataya zimene munali nazo, koma siginecha ikabedwa mungapezeke ndi ngongole imene simunatenge, ndipo masamu adzachitira umboni kuti kiyi yanu ndiyo inasaina.

Tsiku limene kampani kapena ofesi idzakuuzani kuti musaine pafoni, funsani amene akusunga kiyi yanu, lamulo la dziko liti limene likumulamulira, ndiponso mmene mungaimitsire kiyiyo foni ikatayika. Ndipo musanalembe PIN, werengani chikalatacho mpaka kumapeto.