Joni Ndi Mzinda, Si Dziko

Mzinda wa Johannesburg uli ndi mayina ngati mwana amene azakhali ake onse anaumirira kumutcha. Eni ake amati Joburg, achinyamata amati Jozi, Azulu amati eGoli, ife kuno timati Joni, ndipo akuluakulu ena amanenabe kuti Jubeki. Mzindawu gwero lake ndi golide. Mu 1886 kudera la Witwatersrand kunapezeka miyala yamtengo wapataliyi, ndipo pomwe panali mafamu panamera misasa ya anthu okumba, yomwe m'zaka zochepa inasanduka mzinda. Mawu akuti eGoli amatanthauza malo a golide, chimodzimodzinso Gauteng, dzina la Chisotho lomwe lero ndi la chigawo chonse chomwe muli mzindawu.

Joni ndi Jubeki ndi athuathu. Anabwera ndi agogo athu amene ankalembedwa ntchito yam'migodi ndi bungwe la Wenela, lija linasiya dzina pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Lilime la Chichewa silitsekera mawu pakhosi, limafuna lembo la liwu kumapeto, n'chifukwa chake Joburg anasanduka Jubeki monga momwe tinapezera sukulu ndi buledi. Dzina lalitali lija analidula nalo msinkhu n'kutsala Joni. Ulendo wa kumigodiwu unaima mu 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu. Utayambiranso, bungwe linali litasintha dzina kukhala TEBA, ife n'kumati Theba. Amene amanyoza mayinawa kuti ndi Chingerezi chothyoka sadziwa kuti anthu anawalipira ndi mapapo awo pansi pa mgodi.

Pamene ndikudandaula ndi pena. Joni wakula mpaka wameza dziko lonse la South Africa. Mnyamata wotsuka magalimoto ku Cape Town, makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Johannesburg, abale ake amati ali ku Joni. Mtsikana wosamalira nyumba ku Durban, nayenso ali ku Joni. Pocheza pabwalo palibe mlandu, aliyense amamva, ndipo chilankhulo chimayenda choncho: m'mbuyomu anthu ankati wapita ku Halale ngakhale munthuyo akulima fodya kutali ndi Harare. Koma wolemba nyuzipepala ndi wowerenga nkhani pawailesi alibe ufulu umenewo. Mu 2015, chiwawa chothamangitsa alendo chinabuka ku Durban. Tsono taganizani mayi wa ku Mangochi amene mwana wake mmodzi ali ku Johannesburg, wina ku Durban, wakhala pakhonde ndi kawailesi m'manja, akumva kuti "ku Joni kwavuta". Ayambe kuimbira foni uti? Mayunitsi ali nawo ndi a mphindi ziwiri. Wonena nkhaniyo akanatchula mzinda, mayiyo akanadziwa kolozera nkhawa yake. Ine ndimati m'nkhani yolembedwa Joni akhale Johannesburg basi. Dziko litchulidwe South Africa, Durban akhale Durban.

Kalembedwe nako kasamalidwe. Joni ndi dzina la malo, choncho J akhale wamkulu: ku Joni, wa ku Joni, katundu wa ku Joni. Pa Facebook mumapezeka ena olemba kuti "ndili ku John", ngati akuchezera munthu, pofuna kukonza mawu omwe sanalakwike.

Za eGoli ndi zovutirapo pang'ono. Lembo e loyambalo m'Chizulu limagwira kale ntchito ya ku wathu, motero wonena kuti "ku eGoli" wanena ku kawiri. Odziwa Chizulu angatitsine khutu, koma apa ine ndiwakhululukira anthu. Khutu la Mchewa silimva e ngati mperekezi, limangomva dzina lathunthu. Ndipo tikati tikonze n'kulemba "ku Goli", tagwa m'dzenje lina, poti goli kwathu ndi mtengo wa pakhosi pa ng'ombe yokoka ngolo, womwenso kale ankamangira akapolo. Munthu sangalembere mkazi wake kuti wafika bwino ku Goli. Alembe ku eGoli, kapena angoti ku Joni, ngati ndi komwedi wafika.