Woimbidwa Mlandu

Woimbidwa mlandu ndi munthu amene boma lamutengera kukhoti pomuganizira kuti waphwanya lamulo. Ku Malawi ufulu wake unalembedwa m'gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994. Apolisi akamugwira ayenera kumuuza chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, ndi kumufikitsa kukhoti pasanathe maola 48. Akhozanso kupempha belo.

Mlandu umayamba pomuwerengera zimene akumuimba, iye n'kuvomera kapena kukana. Akakana, oimira boma amabweretsa mboni, ndipo woimbidwayo kapena loya wake amazipanikiza ndi mafunso. Apa ndiye pagona nkhani: si udindo wake kusonyeza kuti sanalakwe. Boma ndilo liyenera kukhutiritsa khoti mosasiya chikaiko chomveka. Umboni ukakhala wosagwira mtima, woweruza amamumasula asanayankhe n'komwe. Khoti likaona kuti pali mlandu woti ayankhe, iye akhoza kupereka umboni, kuitana mboni zake, kapena kungokhala chete.

Milandu yambiri imathera kwa majisitireti, koma yakupha ndi youkira boma imapita ku High Court. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri amaima okha m'bokosi popanda loya, akudalira womasulira poti zolemba za khoti zili m'Chingerezi. Ofesi ya Legal Aid Bureau inakhazikitsidwa kuti iziimira osauka otere. Wopezeka wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe, ndipo akapanda kukhutira ndi chigamulo amatha kuchita apilo kukhoti lalikulu.