Msewu wowongoka ndi msewu wokhota: mkangano wa magalimoto ku Landover

Mu Ogasiti 1964 anatsegula gawo lomaliza la Capital Beltway, msewu wa makilomita 103 womwe umazungulira mzinda wa Washington. Msewuwu unadutsa m'mphepete mwa Landover, m'boma la Prince George's, chigawo cha Maryland. Nthawi imeneyo boma limeneli linkadziwika ndi fodya. Ku Upper Marlboro, likulu lake, alimi ankabwera ndi fodya wawo ku okushoni monga amachitira athu ku Kanengo ndi ku Limbe. Koma phula litangofika, minda inayamba kusanduka maploti. Mu 1960 m'bomali munali anthu pafupifupi 357,000, ndipo pofika 1970 anali atapitirira 660,000. Mabanja atsopanowa ankadalira galimoto popita kuntchito, kusitolo ndi kutchalitchi, ndipo ana awo anakula akudziwa fungo la petulo.

Cha nthawi yomweyo kampani ya Pontiac inatulutsa galimoto imene ambiri amaiwerengera kuti ndiyo chiyambi cha mtundu umene anthu a ku America amautcha muscle car. Kampani yaikulu ya General Motors, mwini wake wa Pontiac, inali ndi lamulo loletsa kuika injini yaikulu m'galimoto yapakatikati. John DeLorean, mkulu wa mainjiniya ku Pontiac, ndi anzake anapeza polowera. Anatenga injini ya masilinda 8, ya malita 6.4, yomwe inkayendetsa zigalimoto zikuluzikulu, n'kuiika m'galimoto yopepukirapo ya LeMans ngati chinthu chongowonjezera chimene wogula amasankha yekha polipira madola osakwana 300. Injiniyo inali ndi mphamvu ya mahatchi 325. Ankayembekezera kugulitsa magalimoto 5,000, koma chaka choyamba anagulitsa 32,450. Ena mwa magalimotowa ankamangidwa pafupi pomwepa, pafakitale ya General Motors ya pa Broening Highway ku Baltimore.

Dzina lake, GTO, analitenga kwa Ferrari 250 GTO ya ku Italy, ndipo okonda magalimoto a ku Ulaya anapsa nazo mtima. Ferrariyo inali yosowa kwambiri: anapanga 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964, iliyonse ya injini ya malita 3 ndi masilinda 12, thupi la aluminiyamu losulidwa pamanja, mtengo wake pafupifupi madola 18,000. Pontiac inkagulidwa ndi ndalama zongopitirira pang'ono madola 3,000. Magazini ya Car and Driver ya Malichi 1964 inasonkhezera moto poika magalimoto awiriwa pachikuto ngati akupikisana, n'kulemba kuti pamsewu wowongoka Pontiac ikhoza kuisiya Ferrari. Patapita zaka, Jim Wangers, yemwe ankatsatsa malonda a Pontiac, anavomera kuti magalimoto amene atolankhaniwo anayesa anali atawaika mwakachetechete injini yokulirapo ya malita 6.9.

Anthu a ku Landover sankafunika kudalira magazini kuti aweruze nkhaniyi, chifukwa boma lawo linali ndi mabwalo a mbali zonse ziwiri.

Kummwera, pakati pa minda ya fodya, kunali Aquasco Speedway, bwalo la mpikisano wa pamsewu wowongoka lomwe linatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Kumpoto chakum'mawa kwa Landover, ku Crofton, kunali Capitol Raceway. Mpikisano wamtunduwu ndi waufupi zedi: mamita 402 basi. Magalimoto awiri amaima moyandikana. Asananyamuke, woyendetsa amazunguza matayala akumbuyo pamalo amodzi mpaka utsi woyera kuphimba galimoto, kuti labala itenthe ndi kumata bwino pansi. Kenako nyali zimayaka motsatizana kuchokera pamwamba, yobiriwira ikangoyaka mphuno ya galimoto imadzuka, kumbuyo kumakhala pansi, phokoso limagunda pachifuwa cha aliyense woonerera. Pakatha masekondi 13 kapena 14 zonse zatha. Apa palibe chokhota, ndipo mabuleki amagwira ntchito mpikisano utatha kale. Chofunika ndi injini yaikulu yokoka mwamphamvu ikangoyamba kuzungulira, ndiponso phazi lodziwa nthawi yosiyira kilachi. Mnyamata wogwira ntchito pagalaja kapena pafakitale ankatha kugula galimoto yotere pangongole, kuyenda nayo kuntchito mkati mwa sabata, Loweruka n'kuigonera pansi ndi sipanala, Lamlungu n'kupita nayo ku Aquasco. Petulo anali pafupifupi masenti 30 pa galoni.

Kum'mawa, pafupi ndi mtsinje wa Patuxent, kunali Marlboro Motor Raceway. Bwaloli linayamba mu 1952 ngati lozungulira lafumbi, kenako analiika phula n'kuliwonjezera njira yokhotakhota ya makilomita pafupifupi 2.7. Amene analikulitsa anali gulu la okonda magalimoto a ku Washington lotchedwa Lavender Hill Mob, mamembala a Sports Car Club of America, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1944. Chikondi chawo chinachokera kutsidya la nyanja. Asilikali a ku America amene anakhala ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakaona tigalimoto ta MG, ta mipando iwiri, topanda denga, ndipo nkhondo itatha tigalimototi tinayamba kutsika m'sitima pamadoko a America. Pambuyo pake panabwera Triumph, Austin-Healey, Jaguar, Alfa Romeo ndi Porsche.

Magalimoto amenewa anabadwira kumene petulo anali wodula, msonkho unkakwera malinga ndi kukula kwa injini, ndipo misewu inali yopapatiza, yotsata malire a minda yakale ndi mapiri. Mainjiniya akumeneko anaphunzira kufuna liwiro pochepetsa kulemera. Porsche 911 yoyamba, yomwe inayamba kupangidwa mu 1964, inali ndi injini ya malita 2 ya mphamvu ya mahatchi 130, osafika ngakhale theka la mphamvu ya Pontiac GTO, koma inali yopepuka ndi makilogalamu mazanamazana ndipo inali ndi mabuleki a disiki kumatayala onse anayi. Pontiac inali ndi mabuleki a dilamu, omwe amatentha n'kufooka ukawaponda kawirikawiri. Dalaivala aliyense amene anatsikapo Khwekhwelere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti amadziwa kuti pamsewu wotero kukula kwa injini sikuthandiza ngati mabuleki ayamba kununkha. Marlboro inali yopanda phiri, koma makona ake othinana ankafunsa galimoto funso lomwelo maulendo mazanamazana pa tsiku limodzi.

N'chifukwa chake kwa nthawi yaitali bwaloli linali la magalimoto ang'onoang'ono. Mu 1964 mpikisano wa maola 12 wa pa Marlboro anapambana ndi Jackie Stewart ndi Mike Beckwith pa Lotus Cortina ya ku Britain, ya injini ya malita 1.6. Stewart anadzakhala katswiri wa dziko lonse wa Formula One katatu.

Komabe anthu amene anasonyeza kuti galimoto ya ku America ingathe kukhota anachokera m'gulu lomweli la okonda za ku Ulaya. Dick Thompson, dokotala wa mano wa ku Washington, anayambira pa MG ndi Porsche, kenako mu 1956 anatenga ukatswiri wa dziko la America pa Chevrolet Corvette, galimoto imene ambiri ankaiderera kuti ndi yongodzionetsera m'tauni. Bob Tullius, yemwe anayambitsa timu ya Group 44 kutsidya kwa mtsinje wa Potomac ku Virginia, anaphunzirira mpikisano pa Marlboro akuyendetsa Triumph.

Mu 1966 bungwe la Sports Car Club of America linayambitsa mpikisano wa Trans-Am, womwe unaika mitundu iwiriyi pabwalo limodzi: gulu la injini zosapitirira malita 2, lodzala ndi magalimoto a ku Ulaya, ndi gulu la injini zofika malita 5, la magalimoto a ku America. Pampikisano woyamba ku Sebring, m'chigawo cha Florida, mu Malichi, Jochen Rindt anafika patsogolo pa onse ali pa Alfa Romeo GTA ya malita 1.6, ndipo Tullius anabwera pambuyo pake pa Dodge Dart ya masilinda 8. Mu Ogasiti mpikisanowo unafika ku Marlboro. Atazungulira kwa maola 12 m'kutentha kwa chilimwe, Tullius ndi mnzake Tony Adamowicz anapambana pa Dodge Dart yomweyo. Chaka chotsatira, pabwalo lomweli, Mark Donohue ndi Craig Fisher anapatsa Chevrolet Camaro ya timu ya Roger Penske chipambano chake choyamba mu Trans-Am. Donohue anali injiniya wophunzira pa yunivesite ya Brown, ndipo miyezi imene inatsogolera chipambanocho anaithera pa mabuleki, masipuling'i ndi kuchepetsa kulemera kwa galimotoyo, zinthu zomwezo zimene a ku Ulaya ankazisamala kuyambira kale.

Nyengo imeneyi sinakhalitse. Marlboro inatsekedwa mu 1969, popeza inali itachepera magalimoto othamanga a nthawiyo, ndipo mipikisano inasamukira ku Summit Point ku West Virginia. Mu 1970 mphamvu inafika pachimake ndi Chevrolet Chevelle SS 454, ya malita 7.4 ndi mahatchi 450, koma zinthu zinali zitayamba kale kutembenuka. Makampani a inshulansi, poona ngozi za achinyamata, anakweza kwambiri ndalama zolipira pa magalimoto amphamvu. Lamulo la Clean Air Act la 1970 linakakamiza makampani kuchepetsa utsi woipa, ndipo injini zinafooka. Mu Okutobala 1973 mayiko a Aluya anasiya kugulitsa mafuta ku America, mizere inatalika pamalo omwetsera mafuta, ndipo mu Januwale 1974 boma linalamula kuti galimoto isapitirire mamailosi 55 pa ola, omwe ndi makilomita 89. Chaka chomwecho Pontiac GTO inaleka kupangidwa. Aquasco inatsekedwa mu 1978.

Magalimotowo sanasowe m'misewu ya ku Landover. Anatsika mtengo n'kugwera m'manja mwa ana asukulu ndi anyamata aganyu. Kanema wamfupi wa Heavy Metal Parking Lot, amene Jeff Krulik ndi John Heyn anajambula mu Meyi 1986 pamalo oimika magalimoto a holo ya Capital Centre ku Landover gulu la Judas Priest lisanayambe kuimba, akuonetsa achinyamata atatsamira magalimoto akale a ku America, ena atakhala paboneti. Kumene mabwalo anatsekedwa, ena anatengera mpikisano pamsewu wa anthu onse usiku, ndipo zotsatira zake zinali zowawa. Mu Febuluwale 2008, pamsewu wa Route 210 ku Accokeek m'boma lomweli, galimoto inawomba khamu la anthu amene anaima pamsewu kuonerera mpikisano wosaloledwa, ndipo anthu 8 anafa.

Mwambo wa pa Marlboro unapeza malo ena mkati mwa Landover mwenimweni. Mu 1997 anatsegula bwalo la mpira wa ku America la timu ya Washington, lomwe kwa zaka zambiri linkatchedwa FedExField ndipo kuyambira 2024 likutchedwa Northwest Stadium. Bwaloli lazunguliridwa ndi phula lalikulu loimikapo magalimoto, lomwe masiku ambiri pachaka limangokhala. Nthambi ya Washington ya Sports Car Club of America inakhala ikubwereka phulali kwa zaka zambiri pochititsa mpikisano wa autocross. M'mamawa anthu odzipereka amandanda timakoni ta pulasitiki kupanga njira yokhotakhota, oyendetsa amayenda wapansi m'njiramo kuloweza makona, kenako galimoto iliyonse imalowa yokha kupikisana ndi wotchi. Ulendo umodzi umatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndipo kugwetsa koni imodzi kumawonjezera masekondi awiri pa nthawi yako. Pamalo otere Ford Mustang, Porsche, BMW ndi Mazda MX-5, kagalimoto ka ku Japan ka 1989 kotengera ta ku Britain takale, zimadikira pamzere umodzi, ndipo kawirikawiri kagalimoto kopepuka kamaposa galimoto yokaposa mphamvu katatu. M'zaka za m'ma 2010 bungwelo linatsegula gulu lapadera la Classic American Muscle, la anthu amene amakonza ma Camaro ndi ma Mustang kuti azikhota ndi kuima bwino.

Makampani nawo anabwerekana nzeru. Magalimoto a ku Germany ndi ku Italy masiku ano ali ndi mphamvu zimene Pontiac ya 1964 sinkazilota, pamene Chevrolet Corvette ya 2020 inasamutsira injini kumbuyo kwa woyendetsa monga imachitira Ferrari. Dodge Challenger Hellcat ya 2015 inabwezeretsa kachitidwe kakale ndi mahatchi 707, mpaka kampaniyo inasiya kupanga Challenger mu Disembala 2023, mwezi womwewo umene Camaro yomaliza inatuluka m'fakitale. Pontiac yeniyeniyo inatsekedwa mu 2010, fakitale ya ku Baltimore itatseka kale mu 2005. Mu 2018 Ferrari 250 GTO imodzi inagulidwa pa okushoni ku California pa madola 48.4 miliyoni.

Landover nayo ikusinthanso. Capital Centre anaigwetsa mu Disembala 2002, ndipo mu 2025 khonsolo ya mzinda wa Washington inavomereza kuti timu ya mpira ija, ya Commanders, imange bwalo latsopano mumzindamo pamalo a RFK Stadium, loti lidzatsegulidwe mu 2030.