Mbuzi zimene zinaphunzitsa anthu kutuluka m'madzi

FUNSO: Titapita ku Cape Maclear ndinaona anthu akulowa pansi pa nyanja atabereka mabotolo achitsulo. Akuti m'menemo mumakhala okosijeni wa kuchipatala uja. Kodi anayambitsa zimenezi ndani? Wowerenga wa kwa Mavwere, Mchinji.

YANKHO: Amene anakuuzani za okosijeniyo anakunamizani masanasana, achikulire. M'botolomo mumakhala mpweya wamba womwe mukupumawu, wongoupanikiza basi. Okosijeni yekhayekha, munthu akatsika naye kupitirira mamita 6, amatha kumukomola pansi pomwepo.

Kulowa pansi pa madzi utagwira mpweya m'chifuwa n'kwakalekale. Koma chida munaonacho anachikonza Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France mu 1943. Zimenezo tamaliza. Ine mtima wanga uli pa mbuzi.

Vuto lalikulu silinali kutsika ayi, linali kubwerera. Ukakhala pansi, kulemera kwa madzi kumakankhira nayitirojeni wa mumpweya ukupumawo m'magazi. Ukathamangira kumtunda, mpweyawo umachita thovu monga imachitira Fanta ukaitsegula mwaphuma, ndipo thovulo limakakhala m'mawondo, m'zigongono, nthawi zina mumsana. Ena ankapuwala, ena ankafa.

Chida cha Cousteau chisanabwere n'komwe, asilikali apamadzi a ku Britain anapempha dokotala John Scott Haldane kuti aone chochita. Iye ndi anzake awiri, Arthur Boycott ndi Guybon Damant, anasonkhanitsa mbuzi 85 ku Lister Institute ku London. Inde, mbuzi zomwezi zimene zimakudyerani chimanga kudimba! Ankazilowetsa m'thanki yachitsulo, n'kupopera mpweya mpaka zikhale ngati zili pansi pa nyanja, kenako n'kuuphwetsa, pena mofulumira, pena pang'onopang'ono. Mbuzi sinama. Thovu likaigwira pabondo, inkanyamula mwendo n'kuima ndi itatu, madokotala n'kulemba. Zina zinafera momwemo. Mu 1908 anatulutsa ndondomeko yosonyeza kuti pokwera uziima pa malo akutiakuti kwa mphindi zakutizakuti, kuti mpweyawo utuluke wokha popuma. Mpaka lero aphunzitsi a ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear amauza ophunzira awo kuti aime mphindi 3 pa mamita 5 asanavuuke. Ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanaiumbira chipilala mbuzi.

Chimene anthuwo amatsikira ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala, totetezedwa mu Lake Malawi National Park kuyambira 1980. 

Inu a ku Mchinji mvetsetsani ichi. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene kwanuko n'kopitirira 1,000. Kukwera mtunda mutangotuluka pansi pa madzi kumatha kudzutsa thovu lija, n'chifukwa chake okwera ndege amauzidwa kudikira maola 12 mpaka 24. Mukadzayesa, mudzagone kaye kunyanjako, minibasi mudzakwere mawa lake.