Kuthamanga Sikufika: Mbiri ya Anthu Ofulumizitsa Makompyuta

Ng'oma ya m'kati

M'kati mwa kompyuta ya patebulo muli kachipangizo kotchedwa purosesa. Ndiko kamawerengera zonse. Kamagwira ntchito motsatira kugunda kwa magetsi, monga ovina atsatira ng'oma. Kugundako amakuyeza ndi MHz kapena GHz. MHz imodzi ndi kugunda 1 miliyoni pa sekondi, ndipo GHz imodzi ndi MHz 1,000. Pafupi ndi purosesa pamakhala memole, imene ambiri amangoti RAM, pomwe pamasungidwa kwa kanthawi zinthu zomwe zikugwiritsidwa ntchito. Kampani yopanga zipangizozi imalemba liwiro lake, koma pali anthu amene amalikweza kuposa lolembedwalo, ndipo mchitidwewu umatchedwa overclocking. Zimatheka chifukwa mapurosesa opangidwa tsiku limodzi pafakitale imodzi safanana. Ena amatuluka olimba, ena ofooka, ndipo kampani imasiya mpata kuti ngakhale ofookawo azigwira ntchito bwino nthawi yotentha. Wofulumizitsa kompyuta amadya mpata umenewo. Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi: kompyuta imene yayaka n'kutsegula Windows sinapereke umboni uliwonse. Liwiro lodalirika ndi lokhalo limene layesedwa kwa maola ambiri osapezeka cholakwa.

Chiyambi chake

Mu 1981 kampani ya IBM ku America inatulutsa kompyuta yotchedwa IBM PC, yokhala ndi purosesa ya Intel 8088 yoyenda pa 4.77 MHz. Mu 1984 inatulutsa ina, PC AT, yoyenda pa 6 MHz. Eni ake ena anazindikira kuti ng'oma yonse imachokera pa kachipangizo kakang'ono ka crystal. Akachotsa kameneko n'kuikapo kothamanga, kompyuta imafika 8 MHz. IBM sinakondwe nazo. Inasintha BIOS, pulogalamu yoyambirira imene imadzutsa kompyuta, kuti izikana kuyaka ikaona liwiro losinthidwa. Kulimbana kwa opanga ndi ogula kunayambira pomwepo.

Akuba, pensulo ndi Celeron

M'zaka za m'ma 1990 liwiro ankalisintha posuntha titsekerero ting'onoting'ono pa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Kuphwekako kunaitana akuba. Amalonda achinyengo ankagula Pentium yotsika mtengo, kufufuta manambala ake, kulembapo okwera, n'kuigulitsa modula. Wogula ankangodabwa kuti kompyuta yatsopano ikuima popanda chifukwa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Intel inayamba kutseka nambala yochulukitsira liwiro m'mapurosesa ake chakumapeto kwa zaka zimenezo.

Koma khomo lina linali lotsegula. Mu 1998 kunabwera Celeron 300A. Liwiro lake la 300 MHz linkapezeka pochulukitsa 66 MHz ya bolodi ndi 4.5. Nambala ya 4.5 inali yokhoma, koma munthu akakweza bolodi kufika 100 MHz, purosesa imathamanga pa 450 MHz, n'kumapikisana ndi Pentium II yodula kwambiri. Mbiri ya Celeron imeneyi inamveka dziko lonse. Mu 2000 eni mapurosesa a Athlon ndi Duron a kampani ya AMD anapeza njira yoseketsa: ankalumikiza timilatho todulidwa pamwamba pa purosesa pongolembapo ndi pensulo, popeza makala a pensulo amadutsitsa magetsi. Nkhani zimenezi n'zokoma kuzimva, koma zimasocheretsa. Amene zinawayendera ndiwo ankafuula, pomwe amene makompyuta awo ankakomoka ankangobweza liwiro mwakachetechete.

Nayo kampani inapunthwa

Wina angaganize kuti vuto limeneli ndi la anthu osadziwa okha. Ayi ndithu. Mu March 2000 AMD inayamba kufika pa 1 GHz, Intel ili m'mbuyo pang'ono. Pofuna kupitirira, kumapeto kwa July chaka chomwecho Intel inatulutsa Pentium III ya 1.13 GHz. Purosesayo inkayaka ndipo mapulogalamu ambiri ankayenda. Koma oyesa zipangizo, mmodzi mwa iwo Thomas Pabst wa ku Germany, ataipatsa ntchito yolemetsa yomanga pulogalamu ya Linux, inkalephera. Pofika kumapeto kwa August, Intel inaitanitsa mapurosesawo kuti abwezedwe. Ngati kampani yokhala ndi akatswiri ochuluka chotero inanyengedwa ndi purosesa yooneka yabwinobwino, nanga munthu wokhala ndi sikuludiraiva kuchipinda kwake adzidalira bwanji?

Zida zoyesera

Zida ziwiri zimene anthu amadalira mpaka lero ndi zaulere ndiponso zakale. Choyamba ndi Memtest86, chimene Chris Brady analemba mu 1994. Chimayaka chokha Windows isanatseguke, chimalemba manambala m'memole yonse, kenako n'kuwawerenganso kuti chione ngati abwerera monga analili. Chachiwiri ndi Prime95 cha George Woltman, amene mu 1996 anayambitsa GIMPS, gulu lofufuza manambala akuluakulu osagawika. Sanachilembere ofulumizitsa makompyuta. Koma pa masamu otere kulakwa kumodzi kumaononga ntchito ya miyezi, choncho anaikamo mayeso opatsa purosesa masamu amene mayankho ake ndi odziwika kale. Yankho likasiyana, pulogalamu imaima n'kunena. Mphamvu ya chidachi inaoneka kuchiyambi kwa 2016, pamene ogwiritsa ntchito Prime95 anapeza kuti mapurosesa atsopano a Intel a mtundu wa Skylake ankaima pa masamu ena, ndipo vutolo linakonzedwa kudzera mu BIOS yatsopano.

Kufufuza gwero la vuto

Zizindikiro za kompyuta yosakhazikika zimafanana: sikirini yabuluu, kuima njii, kuzima yokha, kapena gemu kutsekeka pakati. Vuto n'loti chizindikiro chimodzi chingachokere ku purosesa, ku memole, ku kutentha, kapena ku bokosi lopereka magetsi. Munthu amene wakweza zinthu zinayi nthawi imodzi alibe poyambira. Ali ngati wophika amene wathira mchere, soda, tsabola ndi mafuta pamodzi, ndiwo n'kuipa, kenako n'kumafunsa chimene chalakwika. N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi kubwezera BIOS pa makonzedwe a kufakitale n'kuyesa kompyuta ili choncho. Ikalephera pamenepo, ndiye kuti pali chipangizo chodwala kale, ndipo kukweza liwiro kulibe mlandu.

Ikapambana, yambani ndi purosesa yokha, memole osaikhudza. Kwezani pang'ono, mwina 100 MHz, yesani, lembani m'kope zimene mwasintha ndi zimene zachitika. Cholakwa chikatuluka pali njira ziwiri: kubwerera m'mbuyo, kapena kuonjezera pang'ono volteji, mphamvu ya magetsi olowa m'purosesa. Apa ndi pamene ambiri amapsa. Kutentha kumakwera molingana ndi liwiro, koma kumakwera msanga kwambiri volteji ikakwera. Mukaonjezera volteji ndi 10 pa 100, magetsi odyedwa amakwera ndi pafupifupi 21 pa 100. Purosesa ikayandikira madigiri 95 kapena 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo munthu amatsala ndi nambala yaikulu mu BIOS koma kompyuta yochedwa kuposa kale. Volteji yochuluka imadyanso tinjira ta m'kati mwa purosesa pang'onopang'ono, moti liwiro limene linkatheka chaka chatha limadzakanika chaka chino. Palinso chodabwitsa china: kompyuta ina imapirira mayeso olemetsa koma imazima ikangokhala osachita kanthu. Kawirikawiri zimatero chifukwa volteji yatsitsidwa mopyola pa nthawi yopuma.

Memole imabwera pambuyo, ndipo ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa imalakwa mwakachetechete. Purosesa ikalakwa, nthawi zambiri kompyuta imagwa, mwini wake n'kudziwa. Memole ikasintha nambala imodzi, nambala yolakwikayo ingathe kulembedwa m'fayilo, ndipo mudzaizindikira patapita miyezi pamene chithunzi kapena kaundula wa ndalama akukana kutseguka. Choncho ikani Memtest86 pa fulashi, isiyeni izungulire kangapo, ngakhale usiku wonse. Cholakwa chimodzi chokha n'chokwanira kunena kuti liwirolo lakanika. Timitengo ta memole tinayi timavuta kuthamangitsa kuposa tiwiri, ndipo pa mabolodi ambiri tiwirito timayenera kulowa m'mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa. Kompyuta ikakaniratu kuyaka, musataye mtima. Zimitsani, zulani chingwe kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo, ndipo BIOS idzaiwala zomwe munasintha. Mu Windows mulinso kaundula wotchedwa Event Viewer. Mukaonamo mawu oti WHEA akubwerezabwereza, dziwani kuti zipangizo zikulakwa n'kumadzikonza zokha, ngakhale kunja zonse zikuoneka bwino.

Nyengo nayo imalowapo. Liwiro limene lapambana mayeso m'mawa wozizira wa mu June lingagwe masana a mu October, makamaka kumadera otentha ngati Nsanje, fumbi litatseka fani. Mayeso enieni ndi a m'chilimwe.

Zimene otsutsa amanena

Ena amati: “Ine ndimangosewera magemu, ndipo sikugwa. Prime95 imalemetsa purosesa kuposa ntchito iliyonse ya tsiku ndi tsiku, ndiye ndivutikirenji?” Mawuwa ali ndi choona chake. Mayesowa ndi ankhanzadi, ndipo kupambana Prime95 sikutsimikiza kuti gemu iliyonse iyenda, n'chifukwa chake ndi bwino kuyesa ndi zida zingapo pamodzi ndi ntchito imene mumagwira. Koma mlatho sauyesa ndi njinga chifukwa choti anthu ambiri amaoloka pa njinga. Amauyesa ndi lole yodzaza. Ndipo manambala alipo. Mu 2011 ofufuza a Microsoft, Edmund Nightingale, John Douceur ndi Vince Orgovan, anasanthula malipoti ochokera ku makompyuta pafupifupi 1 miliyoni. Anapeza kuti mapurosesa okwezedwa liwiro ankagwa mowirikiza kuposa kanayi kwa kampani imodzi, ndiponso pafupifupi ka 20 kwa kampani inzake, poyerekeza ndi osakwezedwa.

Ena amati XMP, imene Intel inabweretsa mu 2007, ndi EXPO ya AMD ya mu 2022, zomwe ndi makonzedwe okweza liwiro la memole, n'zosafunika kuyesa chifukwa liwirolo lalembedwa pa paketi. Uku n'kulakwitsa. Memole ya DDR5 yolembedwa 6000 imayamba yayenda pa liwiro lotsika, kawirikawiri 4800, mpaka mwini wake atatsegula XMP kapena EXPO. Kutsegulako ndi overclocking ndithu, kungoti manambala anakulemberani ena. Wopanga memole anayesa timitengo take, koma sanayese purosesa yanu ndi bolodi lanu.

Funso lomaliza ndi lakuti kodi phindu lilipobe. Kunena zoona lachepa. Core i5-2500K ya mu 2011 inkachoka pa 3.3 GHz kufika 4.5 GHz m'manja mwa anthu ambiri. Mapurosesa a lero amadzikweza okha mpaka pafupi ndi malire awo. Komanso makompyuta ambiri a m'maofesi, monga a Dell ndi HP amene amagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito, BIOS yake silola n'komwe kusintha zimenezi.

Zaka zaposachedwa

Mpata umene kale ankausiyira ogula, tsopano makampani akuudya okha, ndipo zotsatira zaoneka. Mu April 2023 mapurosesa ena a AMD Ryzen 7000X3D anapsa mpaka kutupa, pamodzi ndi mabolodi ake. Vutolo linakhudzana ndi volteji imene mabolodi ena ankakweza okha munthu akatsegula EXPO, ndipo AMD inaika malire a mavolti 1.3. Mu 2024 eni mapurosesa a Intel Core a m'badwo wa 13 ndi 14 anadandaula kuti magemu akutsekeka, ambiri a iwo asanakhudze chilichonse mu BIOS. Mu July Intel inavomereza kuti mapurosesawo ankapempha volteji yopyola muyezo. Inatulutsa zokonza mu August ndi mu September, ndipo inatalikitsa chitsimikizo cha mapurosesawo ndi zaka 2. Zokonzazo zimateteza purosesa imene ikadali yabwino, koma sizichiritsa imene yaonongeka kale. Ngati muli ndi purosesa ya mibadwo imeneyi, ikani BIOS yatsopano musanayambe kukweza chilichonse.