Mmene chipatala chinalowera mu foni

Abale anga a ku Chitawira, ndi inu anansi kuno kumudzi, lero za fetereza ndaziika pambali kaye. Tikumbutsane za Chipatala Cha Pa Foni, poti achinyamata ena amayesa chinangogwa kumwamba.

Kale mayi akakhala ndi pakati ankadalira azamba. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, ati aliyense azikachirira kuchipatala. Cholinga chinali chabwino ndithu, koma mtunda sunafupike ayi. Inu a ku Chitawira mukangokwera minibasi mwafika kale ku Queens, ku Chatinkha. Ife kuno mayi akadandaula mutu usiku, miyendo itatupa, timayang'anana: tibwereke njinga kapena tidikire kuche?

Chipatala Cha Pa Foni chinabwera kudzayankha funso limeneli. Chinayambira ku Balaka mu 2011, pamene mabungwe a VillageReach ndi Concern Worldwide anagwirana manja ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba chinali cha amayi oyembekezera ndi ana aang'ono basi. Mayi ankaimba kwaulere, n'kumulangiza ngati vutolo n'lothera pakhomo kapena n'lofunika kuthamangira kuchipatala. Akalembetsa, ankalandiranso mauthenga ogwirizana ndi msinkhu wa mimba kapena wa mwana, olembedwa kapena omvera, chifukwa si tonse tinapita patali ndi sukulu. Kenako Airtel inalowapo, nkhani zaumoyo zinachuluka, ntchito inafika m'maboma onse, ndipo pambuyo pake boma linaitenga kuti liziyendetsa lokha. Nambala yake pa Airtel nthawi imeneyo inali 54747.

Koma pali chimodzi chimene anachiona kale ku Balaka, mpaka anapereka mafoni kwa anthu odzipereka m'midzi kuti amayi azibwereka. M'nyumba zambiri foni ndi ya bambo. Bambo akapita kumsika kapena ku bawo, chipatala chapita nawo m'thumba. Ikakhala pakhomo, mwina moto watha, ndipo kotchajitsa n'kolipira. Pamenepa boma silingatithere zonse.

Ndiye inu a m'tauni, kafoni kamabatani kaja munakaponya m'dirowa, katumizeni kuno m'dzina la alamu anu, osati la achimwene. Ikanimo layini ya Airtel. Ndipo amayi, foniyo sikulowa m'malo mwa sikelo. Mukaona magazi, kapena mwana wasiya kuyamwa, nyamukani, muziimba muli m'njira.